Kwa inu mwafika kumene ku UK ndi mwana wofuna udokotala

Abale anga a ku Chipata, Katete, Lundazi, makamaka inu manesi ndi osamalira okalamba amene mwabwera ndi ana, nkhani iyi muimve msanga. Mwana anakhoza Grade 12 pa Chizongwe kapena St Monica's, ma points 6 enieni, kwathu tikanayamba kale kumutcha adokotala. Koma kuno satifiketi ya ECZ amaiona ngati GCSE chabe (mayeso amene ana a kuno amalemba ali ndi zaka 16), ndiye pafunikanso ma A-level zaka ziwiri, Chemistry ndi Biology, ndipo amafuna ma A okhaokha. Ngati ali ndi zaka 16 kapena 17 mufunireni malo ku sixth form, komwe amaphunzira ma A-level, mukangofika, za ganyu zibwere pambuyo.

Mafomu a UCAS (ofunsira malo ku yunivesite) a udokotala amatseka pa 15 October, pomwe maphunziro ena ambiri amafika mpaka January, ndipo mayeso a UCAT, olowera sukulu ya udokotala, akhale atalemba kale chisanafike tsikulo. Masukulu a udokotala amasankha 4 basi. Pa interview amamufunsa zomwe anaonapo ndi maso ake, ndiye azikathandiza ku care home, kumwetsa agogo tiyi, kukhala nawo pansi kumvetsera madandaulo awo, zimenezo amaziwerengera.

Manje pondipweteka mtima ndi pa ndalama. Mutha kumagwira ma night mu NHS, msonkho akudulani mwezi ndi mwezi, koma ngati mwana wanu alibe ILR (chilolezo chokhala muno mpaka kalekale) kapena sanakwanitse zaka 3 ali muno, amamuwerengabe ngati wakunja. Wa kuno ku England fizi yake mu 2025 inali £9,535 pachaka ndipo boma limamukongoza, wakunja m'masukulu ambiri imadutsa £40,000 pachaka, ngongole ya boma palibe, ndipo ndi zaka 5 zimenezo. Malonso ndi ochepa, pa malo 100 aliwonse, a ana akunja safika ndi 8 omwe.

Ine ndimati dikirani mapepala akhale bwino, mwana azigwirako ntchito yosamalira odwala uku akukonzekera UCAT. Musagulitse puloti ya ku Kalongwezi kapena kuthamangira kaloba chifukwa cha fizi ya chaka chimodzi, chaka chachiwiri mudzagulitsa chiyani?

Ma agent a pa WhatsApp adzakuuzani za China, Russia, Georgia, ati kumeneko nkotchipa. Musanatumize ngwee, fufuzani ngati sukuluyo ili mu World Directory of Medical Schools, kenako lemberani mabungwe olembetsa madokotala, GMC kuno ndi HPCZ ku Lusaka, muwafunse ngati digiri ya sukulu imeneyo amailandira komanso mayeso amene mwana adzalembe akamaliza.