Funsani Azakhali: Zomwe ndinauza khansela zafika bwanji kwa abwana?

Azakhali, ine ndimagwira ntchito ku bungwe lina pa Ntcheu boma pano. Chaka chino anatibweretsera khansela woti tizikamba naye za sitiresi, ndiye ine ndinamasuka nkumuuza zoti katapila wandipanikiza, tulo sindikuona komanso kamowa ndayamba kuonjeza. Sabata isanathe abwana pa mitingi akuti "ena ngongole zikuwasokoneza ntchito", uku akundiyang'ana ineyo. Kodi zimenezi nzololedwa?

Wokhumudwa, Ntcheu

Mwananga pepa. Ngati anaulula ndi khanselayo walakwitsa kwambiri, olo malipiro ake akuchokera kwa abwana omwewo. Vuto la makhansela a pa ntchito ndi lomweli, wowalipira ndi wina, wowauza zakukhosi ndi wina, ndiye ena ofooka amayamba kusangalatsa wolemba cheke. Lipoti lopita kwa abwana limayenera kungonena zinthu mophatikiza antchito onse, monga kuti antchito ambiri ndalama zikuwasowetsa mtendere, osatchula dzina kapena kanthu koti munthu nkudziwika nako. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, gawo 21, amatetezanso chinsinsi cha munthu.

Pali poti amaloledwa kuulula, monga ukanena zofuna kudzipha kapena kuvulaza wina, mwana akamachitidwa nkhanza, kapena khoti likalamula, ndipo izi amayenera kukuuza tsiku loyamba usanayasamule nkomwe. Ngongole ndi mowa wa pa wikendi sizili m'gulu limenelo ayi.

Koma usathamangire kumudya wamoyo. Ntcheu boma ndi pang'ono, ndipo akatapila ndimawadziwa ine, pa 25 amakhala afika kale pageti kufunsa ngati malipiro alowa, mwina nkhani inadzera kwa alonda. Pita kaye ukamufunse maso ndi maso kuti abwana anawauza chani, fayilo yako amasunga kuti ndipo amaiona ndani.

Akayamba kuzungulira, lemba kalata kwa a HR, oona za antchito aja, uikemo tsiku la mitingi ija ndi mawu enieni omwe abwana ananena, kope usunge kunyumba osati mu diro ya ku ofesi. Zikayamba kukhudza ntchito yako, ofesi ya leba ili pa boma pomwepo, ndipo kupitirira apo kuli Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya pa ntchito. Ufufuzenso ngati munthuyo anaphunziradi ntchitoyi ndipo analembetsa kuti, poti masiku ano wina akangopita wekishopu ya masiku atatu wayamba kale kudzitcha khansela.

Za tulo ndi mowazo usazisiye chifukwa chokhumudwa, kuchipatala cha boma ukafunse anesi oona za matenda a maganizo, iwowo sadya za abwana ako.