Kodi nkulakwa kuima pamodzi ndi Asilamu pokana nkhondo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa Mvano wa m'boma lina la m'mphepete mwa nyanja. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi. Amayi a Chisilamu a m'dera lawo aitana amayi a mipingo yosiyanasiyana kuti tsiku lina akumane pabwalo la sukulu, asale chakudya, ndipo apempherere mtendere ku Congo, ku Sudan ndi ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique. Mayiwa mtima ukufuna kupita, makamaka chifukwa mwana wa achemwali awo ndi msilikali ndipo adapitako ku Congo. Koma mkulu wa mpingo wina wawakumbutsa mawu a pa 2 Akorinto 6:14, oletsa kumangidwa m'goli limodzi ndi osakhulupirira. Mafunso awo ndi awiri: "Kodi ndikapita sindichimwa? Nanga mapemphero a amayi akumudzi ngati ife angatontholetse mfuti?"

Mayi, zikomo pondidalira pa funso lolemera chonchi. Yankho langa ndi lakuti pitani. Koma sindikufuna mupite mtima uli m'mwamba, choncho tiyeni tikambirane bwinobwino.

Akulu ampingowo musawanyoze. Chomwe akuopa n'chakuti mungakafike pamalo pomwe aliyense akukakamizidwa kubisa chimene amakhulupirira kuti asakhumudwitse mnzake, mpaka pemphero n'kusanduka mawu opanda mwini. Zoterozo inenso sindizifuna, ndipo Msilamu woona sazifunanso. Iye sangavomere kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, inunso simungasiye kunena choncho, ndipo kunamizana kuti palibe kusiyana n'kupeputsana. Nkhawa yomweyi idalipo pa 27 October 1986, pomwe Papa Yohane Paulo Wachiwiri adaitanira atsogoleri a zipembedzo zambiri ku Assisi, m'dziko la Italy, kukapempherera mtendere. Akatolika ena adadandaula kwambiri. Zomwe adachita kumeneko n'zakuti gulu lililonse lidayamba lapemphera palokha, pamalo pake, m'njira yake, kenako onse adasonkhana pabwalo limodzi, aliyense n'kupereka pemphero lake ena akumvetsera. Adakhala pamodzi kuti apemphere, koma sadasakanize mapemphero. Inunso mukhoza kupempha kuti zikhale choncho pabwalo la sukulu lija.

Za goli, ine ndimamva kuti Paulo ankachenjeza Akorinto za kubwerera ku mafano, osati za kupulumutsa moyo wa munthu pamodzi ndi mnansi. Baibulo lomwelo, pa Yeremiya 29:7, likulamula Ayuda omwe adatengedwa ukapolo kuti afunire mtendere mzinda wa Babulo ndi kuupempherera, mzinda wa anthu opembedza milungu ina, omwenso adawaphwasulira kwawo. Ngati iwo adauzidwa kutero, nanga inu ndi mayi amene mumatunga naye madzi pamjigo umodzi?

Koma chifukwa chenicheni chimene ndikunenera kuti mupite n'china, ndipo ndikufuna ndichifotokoze kudzera mu zomwe zidachitika ku Central African Republic.

Mu March 2013 zigawenga za Séléka, zomwe ambiri mwa asilikali ake anali Asilamu, zidalanda mzinda wa Bangui ndi kuchotsa Pulezidenti François Bozizé. Zidabera anthu, kuwotcha midzi ndi kupha. Pobwezera kudadzuka magulu otchedwa anti-balaka, ochokera m'madera a Akhristu ndi a chipembedzo cha makolo, ndipo iwo sadasankhe kuti uyu ndi chigawenga, uyu ndi wogulitsa nyama pamsika. Msilamu aliyense adasanduka mdani. Pofika mu December chaka chomwecho mitembo inali mbwee m'misewu ya Bangui. Gwero la nkhondoyo linali mpando, miyala ya diamondi ndi madera omwe boma lidawataya kwa zaka zambiri, koma oiyambitsa adaiveka mkanjo wa chipembedzo, chifukwa mnyamata savutika kupha akauzidwa kuti akumenyera Mulungu.

Amuna atatu adakana bodza limeneli. Anali Arkibishopu Dieudonné Nzapalainga wa Katolika, Imam Oumar Kobine Layama, mtsogoleri wa Asilamu m'dzikomo, ndi Abusa Nicolas Guerekoyame-Gbangou, mkulu wa mgwirizano wa mipingo ya chievangeliko. Ankakwera galimoto imodzi, kudutsa pa zipata za anyamata onyamula mfuti ndi zikwanje, kupita m'matauni momwe anthu adathawira m'tchire, n'kukaima pamaso pa anthu atatu onsewo. Moyo wa imamuyo utakhala pachiswe, arkibishopu adamutengera kunyumba kwake pamodzi ndi banja lake, ndipo adakhala komweko miyezi ingapo. Taganizirani, Mayi: m'nyumba ya arkibishopu, munthu akuyala mkeka wake kasanu pa tsiku, kuyang'ana ku Makka, n'kumaswali, mwini nyumba akumuteteza kwa anyamata ovala mitanda m'khosi. Palibe adasiya chikhulupiriro chake. Arkibishopu adachita zimenezo chifukwa ndi Mkhristu, ndipo imamu adadzudzula Séléka chifukwa ndi Msilamu. Kumidzi nako kunali ansembe ngati Bambo Bernard Kinvi a ku Bossemptélé, omwe adabisa Asilamu mazanamazana pa mishoni ndi pachipatala chawo.

Apa ndiye pagona nkhani. Nkhondo ikabisala kumbuyo kwa dzina la Mulungu, wandale sangaivule chovalacho, msilikali wa United Nations sangathenso. Mbusa akalankhula yekha, ena amati akuteteza anthu ake. Shehe akalankhula yekha, chimodzimodzi. Koma akaima limodzi, mnyamata wogwira chikwanje uja amasowa ponamizira. Ndiye chifukwa chake ndimati kuima pamodzi kotereku si kuchepetsa umboni wathu, koma ndi umboni umene munthu sangaupereke ali yekha.

Tsopano funso lanu lachiwiri, loti amayi wamba angachite chiyani. Ndikuuzani za ku Liberia.

Mu 2003 nkhondo yachiweniweni inali itasautsa dzikolo kwa zaka zoposa khumi, ndipo ana aang'ono ankapatsidwa mfuti. Mayi wina wa mpingo wa Lutheran, Leymah Gbowee, adayamba kusonkhanitsa amayi achikhristu kuti azipemphera. Mayi wa Chisilamu, Asatu Bah Kenneth, yemwe anali wapolisi, adawamva ndipo adalonjeza kubweretsa amayi a kumzikiti. Kumeneko nako kudali onena kuti kusakanikirana koteroko n'kudetsa chikhulupiriro. Amayiwo adayankha kuti chipolopolo sichifunsa kuti uyu ndi Mkhristu kapena Msilamu. Adavala malaya oyera ndi mipango yoyera, n'kumakhala pansi pabwalo lina pafupi ndi msika wa nsomba ku Monrovia, m'mbali mwa msewu umene Pulezidenti Charles Taylor ankadutsa tsiku ndi tsiku. Dzuwa liwombe, mvula igwe, iwo ali pompo, kuimba ndi kupemphera. Mu April chaka chomwecho Taylor adalola kukumana nawo, ndipo adalonjeza kupita ku zokambirana.

Zokambiranazo zidachitikira ku Accra, m'dziko la Ghana, ndipo zidatenga masabata ambiri popanda chogwirika, akuluakulu a nkhondo akudya bwino m'mahotela pomwe mabomba akugwa ku Monrovia. Tsiku lina amayi aja adatopa. Adakhala pansi pakhomo la holo, adakolana mikono, n'kunena kuti palibe atuluke kufikira atagwirizana. Achitetezo atafuna kumanga Gbowee, iye adayamba kuvula zovala. Inu mukudziwa tanthauzo la mayi wamkulu kuvulira anthu a msinkhu wa ana ake; ndi temberero lomwe ngakhale munthu wamfuti amaliopa. Achitetezo adabwerera m'mbuyo. Mkhalapakati wa zokambiranazo, Abdulsalami Abubakar, yemwe adakhalapo mtsogoleri wa Nigeria, adaima ndi amayiwo. Taylor adachoka m'dzikomo pa 11 August, ndipo pa 18 August 2003 pangano la mtendere lidasainidwa. Mu 2011 Gbowee adalandira mphoto ya mtendere ya Nobel.

Sindikufuna kukunamizani. Si amayi okha adathetsa nkhondo ya Liberia: zigawenga zinali zitazinga Monrovia, maiko ena ankakankha, ndipo khoti la milandu ya nkhondo ya ku Sierra Leone linali litatulutsa kale chisamani cha Taylor. Ku Central African Republic nako, ngakhale Papa Francis adakalowa mu mzikiti waukulu wa ku PK5, dera la Asilamu mu mzinda wa Bangui, mu November 2015, mfuti sizidaleke kulira, ndipo Imam Layama adamwalira mu 2020 dziko lake lisanapeze mtendere wokhazikika. Zimandiwawa ndikamamva alaliki ena akulonjeza kuti kusala kwa masiku atatu kuthetsa nkhondo ya ku Sudan, chifukwa zikapanda kuchitika anthu amagwa mphwayi ndi Mulungu. Chimene mapemphero otere amachita motsimikizika n'kusintha anthu opempherawo ndi mudzi umene ukuwaona. Kwina amapulumutsa anthu amene akadaphedwa. Kwina amatsegula khomo lomwe andale adalephera, monga zidachitikira kwa anansi athu a ku Mozambique, pomwe gulu la Akatolika la ku Rome lotchedwa Sant'Egidio ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira adathandiza Frelimo ndi Renamo kusaina pangano ku Rome pa 4 October 1992. Amene tidaona othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi atadzaza ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza tikudziwa kuti tsiku limenelo linali lotani.

Ndipo kulakalaka mtendere kumene kukukusowetsani tulo musakutenge ngati kufooka kwa mtima wa chizimayi, monga ena amanenera. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu ndiye amaika njala imeneyo mwa munthu. Mayi wa Chisilamu amene wakuitanani ali nayo yomweyo, ndipo Qur'an yake imamuuza kuti wopha munthu mmodzi wosalakwa ali ngati wapha anthu onse.

Musanapite, kawaoneni abusa anu, muwafotokozere dongosolo lonse, ndipo ngati n'kotheka akulu ampingo aja mupite nawo kuti akadzionere okha. Gwirizanani ndi amayi a Chisilamu kuti gulu lililonse lipemphere m'njira yake, ena ali chete mwaulemu, ndipo pasakhale wolalikira pofuna kutembenuza mnzake tsiku limenelo. Andale asapatsidwe mpata wolankhula, chifukwa msonkhano ungasanduke wa chipani. Ngati mungasonkhe kenakake, kaya ufa, sopo kapena zitenje, dziwani kuti ku Dzaleka m'boma la Dowa kuli anthu ambiri othawa nkhondo ya ku Congo yomwe mukuipemphererayo. Yunifomu yanu ya Mvano muivale, ndipo popemphera mutchule dzina la Yesu momveka monga mumachitira Lachinayi lililonse. Mukabwerako mundilembere, ndikufunitsitsa kumva mmene zayendera.