Duwa loimika masamba usiku: yankho kwa mayi a ku Mtunthama

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Mtunthama, kuno ku Kasungu. Akuti mwana wawo anawabweretsera duwa kuchokera ku Lilongwe mu Epulo, la masamba otambalala, a mizere yokongola ngati wina anachita kujambula, kunsi kwake kofiirira. Pano m'mphepete mwa masamba mukuuma ngati mwawauka ndi moto, ndipo kukada masamba onse amaimirira. Akuthirira m'mawa ndi madzulo, anathiranso feteleza wotsala kumunda, koma zinthu zikungoipiraipira. Funso lawo ndi lakuti: kodi duwali likufa?

Mayi, chithunzi chanu ndachiona. Duwalo dzina lake ndi calathea, ndipo khazikani mtima pansi, silinafe. Kuimirira kwa masamba usiku si matenda ayi, ndi chibadwa chake. Yang'anani pamene tsamba lalumikizana ndi kamtengo kake, mupeza kamfundo kotupa pang'ono. Kamfundo kameneko ndiko kamakweza tsamba kukada ndi kulitsitsa kukacha. Bola likuchitabe zimenezi, moyo ulimo.

Koma kuwauka kwa m'mphepeteko ndiye nkhani, ndipo kuti muimvetse muyambe mwadziwa kwawo kwa duwali. Limachokera ku nkhalango zowirira za ku South America, makamaka ku Brazil. Kumeneko limamera pansi pa mitengo ikuluikulu, pamene dzuwa limangofika modontha, mpweya uli wa chinyezi, madzi ake ndi a mvula okhaokha. Ndiye taganizani, chomera choterocho chapezeka pa zenera ku Mtunthama mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili koboo. Chikulimbana ndi zambiri.

Ine amene ndikumukayikira kwambiri ndi madzi. Mwanena kuti mumatunga pamjigo. Madzi a mijigo yambiri amakhala ndi mchere wa m'nthaka, uja umasiya zoyerayera m'kati mwa ketulo. Ife timamwa osadandaula, maluwa ena ambiri salabadiranso, koma calathea safuna ndi pang'ono pomwe. Mcherewo umaunjikana mumphika tsiku ndi tsiku, kenako umakaonekera kunsonga za masamba. Tapendani pamlomo pa mphika wanu ndi pamwamba pa dothi. Mukaona zoyera zouma ngati phulusa lomatirira, ndi umenewo. Langa loyamba linandichita chimodzimodzi, ndinkalithirira madzi a pachitsime ndi mtima wonse, masamba nkumapsa limodzilimodzi. Nditayamba kulipatsa madzi a mvula, tsamba loyamba kuphuka linatuluka lokulungika ngati ndudu, nkutambasuka losalala, lopanda banga. Ndinaitana aliyense pakhomo kuti adzaone.

Choncho mvula ikayamba, tchererani madzi a padenga. Yoyambirira ilekeni itsuke fumbi la pamalata, kenako dzazani zigubu ndi kuzitseka bwino kuti udzudzu usaswanemo. Duwa limodzi silimwa madzi ambiri, zigubu zingapo za malita 20 zikhoza kukufikitsani patali m'chilimwe. Pakadali pano, poti mvula sinagwe, kamodzi pamwezi tengerani mphikawo panja pamthunzi, muthiremo madzi ambiri mpaka azituluka kunsi kwa kanthawi. Madziwo amakokolola mchere wina. Ena amati gonekani madzi mundowa usiku wonse. Zimenezo zimathandiza kuchepetsa klorini wa madzi a pampopi, koma mchere wa pamjigo suchoka chifukwa chogona.

Kuthirira kawiri patsiku kuja siyani. Dothi lizikhala lonyowa ngati nsalu yofinya, osati matope. Pisani chala mudothi mpaka pamfundo yoyamba. Ngati mukumva kunyowa, dikirani mawa. Mizu ikakhala m'madzi imaola, ndipo chomvetsa chisoni ndi chakuti duwa la mizu yoola limafota ngati la ludzu, mwini wake nkumawonjezeranso madzi. Onaninso ngati mphikawo uli ndi mabowo kunsi.

Feteleza wa chimanga kapena wa fodya musathirenso, ndapota nanu. Kuno kwathu feteleza timamukhulupirira, ndipo kumunda amagwiradi ntchito, koma mumphika waung'ono alibe kothawira, amangotentha mizu. Nayenso ndi mchere. Manyowa owolerana bwino, dzanja limodzi mvula ikayamba, akukwanira.

Pachithunzi ndaona kuti duwalo lili pa zenera pomwe dzuwa likuwomba masamba mwachindunji. Lisuntheni. Likhale m'chipinda chowala, koma patali pang'ono ndi zenera kapena kuseri kwa katani yopyapyala. Dzuwa limafufutitsa mizere yomwe mukuikondayo. Musaliikenso pafupi ndi mbaula. Kuti mpweya ukhaleko ndi chinyezi, liyandikizeni ndi maluwa ena, ndipo pansi pa mphika ikanipo mbale ya timiyala yokhala ndi madzi, koma mphikawo ukhale pamwamba pa miyala, usakhudze madzi. Ikadzafika Juni ndi Julayi, musalisiye pakhonde usiku. Limasangalala kukamatentha pakati pa madigiri 18 ndi 27, ndipo kuzizira kwa mbandakucha wa ku Kasungu kumalipweteka.

Pali mdani wina amene alimi a tomato amamudziwa bwino, akangaude ofiira aja ang'onoang'ono. Amakonda nyengo yotentha ndi youma ngati ino. Tembenuzani tsamba, muyang'ane kunsi kofiirira kuja. Mukaona tiulusi topyapyala ndi timadontho totuwa, alowa. Pukutani masamba onse mbali zonse ziwiri ndi kansalu konyowa kofewa, mubwereze pakapita masiku angapo mpaka atatha. Kupukutako kumachotsanso fumbi, ndipo ndimaona kuti ndi nthawi imene munthu umalidziwa bwino duwa lako.

Mbali zoumazo sizidzabiriwiranso, musadikire. Dulani ndi sizasi yoyera motsata maonekedwe a tsamba, ndipo lomwe lauma lonse lichotseni patsinde. Chizindikiro choti zikuyenda chidzaoneka pa masamba atsopano.

Munafunsanso ngati mungathyoleko tsamba kuti mubzalire achemwali anu. Tsamba lokha silimera. Dikirani Disembala mvula itakhazikika, mulizule mosamala, mugawe tsinde ndi manja kuti chigawo chilichonse chikhale ndi mizu yake ndi masamba atatu kapena anayi. Dothi lake sakanizani la pansi pa mitengo, lakuda la masamba owola, ndi mchenga pang'ono komanso timakala tophwanya kuti madzi azidutsa. Koma chaka chino ndikanakonda mulisiye kaye lichire. Mukaona masamba awiri atsopano atambasuka opanda kuwauka, mundijambulire, tidzakambirane za achemwaliwo.