Kuwala kumakwera chani? Yankho kwa achemwali a ku Ntcheu

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Ntcheu, mphunzitsi wa pulayimale, dzina sinditchula poti sanandipatse chilolezo. Mwana wawo wamkazi ali fomu 2 pa CDSS, ndiye tsiku lina akutsuka mbale anangofunsa kuti amayi, mafunde amayenda pamadzi, mawu amayenda mumpweya, nanga kuwala kwa dzuwa kumayenda pa chani poti akuti kumwambako kulibe mpweya? Mayiwo anasowa chonena nkuponya funsolo pa gulupu ya WhatsApp ya anzawo omwe anaphunzira nawo. Bambo wina anayankha kuti ndi aether, asayansi amadziwa koma anabisa. Wina nkumuti mbuli, uyu nkubweza zotukwana, mpaka admini anatseka gulupu masiku awiri. Ndiye akufuna kudziwa kuti zoona zake nziti, komanso ngati mwanayo atenge fizikisi ku fomu 3 poti pasukulu pawo labu palibe ndipo amalume ake akuti asamukire ku pulaiveti kapena angosiya masayansi.

Achemwali, choyamba mumuuze mwanayo kuti funso lakelo si lachibwana. Linazunguza mitu ya akuluakulu kwa zaka pafupifupi 200. Christiaan Huygens wa ku Netherlands analemba mu 1690 kuti kuwala ndi mafunde, Isaac Newton iye ankati ndi tizidutswa touluka, ndipo poti Newton anali ndi dzina ambiri anatsatira iye. Zinasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 pomwe Thomas Young anadutsitsa kuwala pa timipata tiwiri nkuona mizere yowala ndi yakuda ikusinthana, zomwe zimachitika mafunde akakumana. Ponyani miyala iwiri padamu nthawi imodzi muone, pena madzi akwera kwambiri pena angoti phee. Kenako mu 1865 James Clerk Maxwell anaonetsa ndi masamu kuti kuwala ndi mafunde a magetsi ndi maginito oyenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Anthu anati chabwino, ngati ndi mafunde, chikugwedezekacho nchani? Anachipatsa dzina lakale la Agiriki, aether, chinthu chosaoneka chodzadza paliponse, pakati pa nyenyezi ngakhale mu botolo lomwe mwapopamo mpweya wonse.

Sanali opusa ayi, ankaganiza ndendende ngati mwana wanuyo. Kungoti aether yo inali ndi makhalidwe ovuta kuwameza. Mafunde amathamanga kwambiri mu chinthu cholimba, nchifukwa chake mawu amafulumira mu chitsulo kuposa mumpweya, ndiye kuti kuwala kuthamange chonchi aether imayenera kulimba kuposa chitsulo, koma nthawi yomweyo dziko lathuli nkumadutsamo chaka ndi chaka osachedwa olo pang'ono. Kulimba kuposa chitsulo koma kupepuka kuposa nkhungu ya kuno ku Dedza mu Juni. Anthu anapirira nazo poti panalibe china.

Tsopano apa ndi pomwe nkhani imandikomera ine. Munakwerapo kumbuyo kwa lole kuchoka ku Lizulu kubwera ku Dedza boma mutakhalira matumba a kachewere? Kunja kuli bata, masamba a mitengo ali zii, koma inu pamwambapo mphepo ikukumenyani kumaso mpaka misozi, chitenje kumachita kuchigwira ndi manja awiri. Mphepo imeneyo mwaipanga nokha poyenda. Dziko limazungulira dzuwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 30 pa sekondi, ndiye ngati aether ilipo ndipo yangokhala, ifeyo tili pa lole, payenera kukhala mphepo ya aether ikutiomba, ndipo kuwala koyenda motsatana ndi mphepoyo kuyenera kusiyana nthawi ndi koyenda mopingasa.

Kuti mumvetse pamenepa tengani mtsinje, tinene Linthipe atadzadza. Madzi akuyenda mamita 3 pa sekondi, mabwato awiri ofanana amatha mamita 5 pa sekondi pamadzi odekha. Loyamba liwoloke mamita 40 nkubwerera, lachiwiri likwere mamita 40 kumtunda nkubwerera. Lowolokalo liyenera kupendekera kumtunda kuti lisakokoloke ndiye limayenda mamita 4 pa sekondi, masekondi 10 kupita 10 kubwera, 20. Linalo pokwera likungopanga mamita 2 pa sekondi, masekondi 20, potsika mamita 8 pa sekondi, masekondi 5, zonse 25. Mtunda umodzimodzi koma nthawi yosiyana, ndipo mukaona kusiyanako mwadziwa kuti madzi akuyenda olo musawaone. Mumupatse mwanayo awerengere yekha, masamu ake ndi a fomu 2 omwewo.

Albert Michelson anapanga zomwezi koma ndi kuwala. Anayesa koyamba mu 1881 ku Potsdam ku Germany, kenako mu 1887 ku Cleveland ku America pamodzi ndi Edward Morley anapanga makina abwinopo. Anatenga chimwala chachikulu chosema nkuchiyandamitsa pa mercury, chitsulo chamadzimadzi chija cha mu thermometer, kuti chizizungulira mosagwedezeka, pamwamba pake nkuikapo magalasi. Galasi lina limagawa kuwala pawiri, theka kupita uku theka kupingasa, kumanjanja pa magalasi mpaka mtunda kukwana mamita 11, kenako nkukumananso nkupanga mizere ija ya Young. Akamazungulitsa chimwalacho mizere imayenera kusuntha ndi 0.4 ya mzere umodzi, ndipo makinawo amatha kuona kusuntha kochepa kwambiri kuposa apo. Anazungulitsa masana, anazungulitsa madzulo. Zomwe anaona sizinafike olo gawo limodzi mwa magawo 20 a zomwe amayembekezera. Mabwato onse awiri amafika limodzi, mtsinje osaoneka.

Dziwani kuti Michelson ankakhulupirira aether, anapita kukaisaka kuti aipeze osati kuti aiphe. Koma analemba zomwe anaona.

Anthu sanaitaye tsiku lomwelo, anayesa kuipulumutsa. Ena anati mwina dziko limakoka aether nkumayenda nayo, ngati mpweya wa mkati mwa minibasi yotseka mawindo. Koma izi zimatsutsana ndi zomwe James Bradley analengeza kale mu 1729, zoti poyang'ana nyenyezi telesikopu umayenera kuipendeketsa pang'ono malinga ndi komwe dziko likulowera, monga mmene umapendeketsera ambulera ukamathamanga pamvula. George FitzGerald mu 1889 ndi Hendrik Lorentz mu 1892 anabwera ndi ina, yoti chinthu chikamayenda mu aether chimafupika pang'ono, kufupika kokwanira ndendende kubisa kusiyana kuja. Masamu a Lorentz anali abwino ndipo mpaka lero amagwira ntchito, koma taonani pomwe aether yafika: ilipo, koma chilichonse chomwe mungapange kuti muione chimasintha mwa njira yoti musaione. Yasanduka ghost worker, dzina lili pa mndandanda wa malipiro koma pa ofesi palibe anamuonapo ndipo palibe ntchito yomwe imaima iye akajomba.

Mu 1905 Albert Einstein, ali ndi zaka 26 akugwira ntchito mu ofesi ya ma patent, yolembetsa zinthu zatsopano zomwe anthu atulukira, ku Bern ku Switzerland, anangoyambira kwina. Anati malamulo a fizikisi ndi amodzimodzi kwa aliyense woyenda pa liwiro losasintha, ndipo liwiro la kuwala pamalo opanda kanthu ndi limodzimodzi kwa onsewo. Ukavomera ziwirizi, masamu a Lorentz aja amatuluka okha, nthawi ndi utali zimadalira woyezayo akuyenda bwanji, ndipo aether ilibenso chochita. Sananene kuti ndaigwira ikunama, anangoti siikufunika. Ndiye yankho la mwana wanu ndi loti kuwala sikufuna chokwera. Mphamvu ya magetsi ikamasintha imadzutsa ya maginito, ya maginito ikamasintha imadzutsa ya magetsi, zimangopatsirana choncho kudutsa pamalo opanda kanthu mpaka kufika pa mbale akutsukazo, patatha mphindi 8 ndi masekondi pang'ono chichokereni kudzuwa.

Zoti anabisa ndiye ayi. Dayton Miller anayesanso kambirimbiri pa phiri la Mount Wilson m'zaka za m'ma 1920 nkunena poyera kuti waiona mphepo ya aether, zinasindikizidwa, anthu anamumvetsera, ena anabwereza ndi makina awo osapeza kanthu, ndipo mu 1955 Robert Shankland ndi anzake ataunikanso manambala ake anapeza kuti kusintha kwa kutentha ndi komwe kumasokoneza makinawo. Bambo wa pa gulupu uja mwina adzakuuzani kuti Einstein yemweyo analankhula za aether ku Leiden mu 1920. Nzoona analankhula, koma amatanthauza kuti mlengalenga uli ndi makhalidwe akeake, umatha kupindika, ndipo ananenetsa kuti si chinthu chomwe ungati chikuyenda kapena chaima. Dzina lomwelo, chinthu china. Ndipo foni yomwe bamboyo amalembera zimenezo ili ndi GPS, yomwe mawotchi a pa satelaiti zake amakonzedwa ndi ma microsecond pafupifupi 38 patsiku (microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi) motsatira masamu a Einstein, kupanda kutero bwenzi mapu akusocheretsani.

Za kutukwanana kuja. Ine sindingaloze chala kwambiri poti ndinapangapo. Zaka zapitazo pa Facebook munthu wina analemba zolakwika za kadamsana, ine ndi kasukulu kanga ndinamuyankha kuti bwererani ku sitandade 5 bwana, ma emoji oseka atatu. Patatha miyezi ingapo tili pa maliro ku Bembeke, kukuzizira koopsa, bambo wachikulire wa jekete yakuda anandisunthira pa benchi kuti ndiyandikire moto, tikucheza nditatchula dzina anangoti ooh ndinu aja munanditumiza ku sitandade 5. Anaseka, koma ine tiyi sanatsikenso. Za kadamsana ndinali wolondola ndithu, koma bamboyo sanaphunzirepo kanthu kwa ine tsiku lija, anangodziwa kuti ndine wamwano.

Munthu amene anati aether uja analakwitsa zochepa kuposa mmene womutukwanayo akuganizira, wanena zomwe Maxwell yemwe ankakhulupirira, wangotsalira ndi zaka 120. Ine ndikanakhala pa gulupupo ndikanamufunsa mwaulemu kuti achimwene, ngati aether ilipo tingaione bwanji, tiyeze chani? Akayankha ndiye mwayamba kukambirana za sayansi, mumuuze za chimwala cha pa mercury chija. Akati singayezedwe mwa njira iliyonse, basi mwafika pomwe anafika anthu mu 1905 popanda kutchula mayi ake a munthu. Zina ndi bwino kupita ku inbox, pagulu munthu amalimbikira bodza chifukwa cha manyazi chabe.

Tsopano za sukulu. Ine ndinaphunzira nthawi yomwe fizikisi ndi kemisitile zinali phunziro limodzi la Physical Science, pa sukulu ina yomwe labu yake inali chipinda chosungiramo makasu ndi matumba a simenti, aphunzitsi amajambula beaker pa bolodi nkutiuza kuti tiyerekeze muli madzi. Zinatipweteka pa mayeso a practical, sindikubisirani. Ndiye nkhawa yanu ndi yoona. Koma musasamutse mwana chifukwa cha chikwangwani cha pamsewu wa M1 cholembedwa kuti fully equipped laboratory. Pitani mukaone nokha tsiku la sukulu, mupemphe akutsegulireni labuyo, muone ngati pa matebulo pali fumbi, mufunse ana a fomu 4 kuti chaka chino agwirapo zipangizo kangati, mufunse amaphunzitsa fizikisi ndi ndani ndipo wakhalapo zaka zingati, ndi zotsatira za MSCE za phunziro limenelo osati za sukulu yonse. Mafunso omwewo mukafunsenso pa CDSS pomwe alipo, mwina mupeza mphunzitsi wakhama yemwe amatenga ana kukapanga ma practical pa sukulu yoyandikana nayo. Mphunzitsi wotero ndi wofunika kuposa nyumba. Ndipo fizi ya pulaiveti muiwerengere zaka ziwiri zonse, kusamutsa mwana kenako nkumubweza pakati pa fomu 4 ndalama zitatha nkoipa kuposa kumusiya pomwe ali.

Zosiya masayansi zo ine sindikugwirizana nazo, amalume andikhululukire. Kuti alowe yunivesite ya boma afunika ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo za uinjiniya ku MUBAS kapena MUST, za sayansi ku UNIMA ndi Mzuni, uphunzitsi wa sayansi ku Domasi kapena Nalikule, ngakhale maphunziro ambiri a zaumoyo, zimafuna masamu ndi masayansi. Zofunikira zenizeni muziona pa chidziwitso cha NCHE, bungwe loona za maphunziro a m'mayunivesite, cha chaka chimenecho poti pulogalamu iliyonse ili ndi zake. Akasiya fizikisi ku fomu 3 zitseko zambiri mwa zimenezo watseka ali ndi zaka 15. Chomwe ndingayang'anitsitse ndi masamu ake, ngati akuvutika pamenepo ndiye ndalama ya pulaiveti ija bola ipite kwa womuthandiza masamu. Amalume muwafotokozere modekha, ndi mwini mbumba, muwaonetse lipoti la mwanayo osati kungowatsutsa pa foni. Mwanayonso mumufunse akufuna chani.

Loweruka lino mupange izi. Mangani mwala ku chingwe chotalika mita imodzi, mupachike pa nthambi ya mango kapena pa phaso la khonde, mukankhe pang'ono, iye awerenge maulendo 20 opita nkubwera inu mutagwira stopwatch ya pa foni. Muyenera kupeza masekondi pafupifupi 40. Kenako mumufunse kuti tikamanga mwala wolemera kawiri zitenga nthawi yaitali kapena yochepa, alembe yankho lake papepala asanayese, amalume nawonso alembe lawo ngati alipo. Musinthe mwalawo, chingwe chikhale chomwecho, muwerengenso. Mundilembere zomwe mwapeza, ndi zomwe analemba papepalapo.