Nymph kapena dry fly m'mitsinje ya kuphiri la Mulanje

Achimwene, mwafunsa kuti muyambe ndi nyambo iti powedza nsomba za trout, nymph (nyambo yochita kupanga yomwe imamira, yofanana ndi kachilombo ka pansi pa madzi) kapena dry fly (nyambo yochita kupanga yomwe imayandama pamwamba pa madzi ngati kachilombo kouluka), mukakwera kuphiri. Ine ndingati nymph. Trout imadya kwambiri pansi pa madzi, tizilombo tobisala m'miyala. Tembenuzani mwala umodzi m'mphepete, muone kukula ndi mtundu wa tomwe takakamirapo, musankhe nyambo yofanana nato. Ponyani chakumtunda kwa mtsinje, muisiye itsike yokha ndi madzi. Mukamaikoka, nsombayo imazindikira msanga, si yopusa ayi. Chingwe chikangoima kapena kugwedezeka pang'ono, kwezani ndodo pomwepo.

Dry fly isungireni madzulo, mukaona nsomba zikutola tizilombo pamwamba pa dziwe. Komanso madzi akuno ndi oyera mbee, ndiye yandikirani chowerama, chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi.