Kasitomala akufuna tebulo ya "redwood", ndikagule thabwa liti?

Funso lachokera kwa kalipentala wa ku Kalingalinga mu Lusaka: mayi wina wasiya dipoziti ya tebulo ndi mipando 6, akuti akufuna ya redwood ngati yomwe anaiona pa Facebook. Ndiye ku msika wa matabwa wa Buseko ndikagule chani?

Akulu, dipoziti ija musaigwire kaye. Redwood si mtengo umodzi ayi, ndi dzina lomwe amalonda amangopachika pa thabwa lililonse lofiira. Ku California redwood ndi chimtengo chija chotalika kupitilira mamita 100, thabwa lake lopepuka komanso lofewa. Ku Europe akati redwood akunena paini wamba. Kuno kwathu mukusi wa ku Sesheke ndi Mulobezi nawo ena amautcha Zambezi redwood, koma uwu ndi wina zedi, wolemera kuti anthu awiri muzithandizana kunyamula, umabunthitsa puleni msanga, chiswe chimaulephera, nchifukwa chake kale ankaupangira masilipa a njanji ndi timatabwa toyala pansi mnyumba. Mitengo yosiyana mtundu, dzina limodzi.

Ndiye palinso mukwa, womwe kumudzi timati mlombwa, uja ukautema umatulutsa utomoni ngati magazi, palinso mbawa, onsewa wogulitsa atha kukuuzani kuti "ndi yofiira yomweyo bwana" koma ndalama zake sizifanana ndipo nthawi yomwe mutaye popala ndi kusanda siifanananso, apa mpamene phindu la kalipentala limathawira.

Ine ndikanakhala inu ndikanatenga tizidutswa titatu, mukusi, mukwa ndi mbawa, mbali imodzi kupaka vanishi ina kusiya choncho, mayiwo akagwire okha asankhe. Chomwe asankhacho mulembe dzina lake lenileni pa kotesheni, mawu oti redwood asaonekepo, chidutswacho asayinepo ndi cholembera cha maka, muchisunge ku shopu. Mwinatu chomwe anaona pa foni ndi paini wopaka steni basi, akamva mtengo wa mukusi atha kusintha maganizo, bola asinthe lero matabwa musanadule.

Pogula pemphani apale pang'ono pakona muone ngati kufiirako kwalowa mkati. Ndipo wina akakunong'onezani za mukula (mtengo wina wa thabwa lofiira) wotchipa, thawani. Unalowa pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loteteza mitengo ndi nyama zomwe zingathe chifukwa cha malonda, mu 2019, ndipo akakupezani nawo opanda mapepala a Forestry Department (nthambi ya boma yoona za nkhalango) matabwa apita, dipoziti ya mayi aja mubweza ya mthumba mwanu.