Galimoto ya Magetsi Kapena ya Petulo? Yankho kwa Achimwene a ku Rosettenville

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina wa kwathu ku Mangochi amene akukhala ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa. Mwachidule anati: "Ndimagwira ntchito ku Midrand ndipo pamwezi ndimayenda makilomita pafupifupi 2,000 pa Polo Vivo yanga. Petulo wandimaliza. Anzanga akuti ndigule galimoto ya magetsi chifukwa siidya ndalama. Kodi n'zoona? Ndimachita lendi kanyumba ka kuseri."

Achimwene, anzanuwo sananame, koma sanakuuzeni zonse. Ndipo mawu amene mwatsiriza nawo aja, a kanyumba ka kuseri, ndiwo mwini nkhani. Ndifikako. Tiyambe tagwira pensulo.

Mukudziwa kale kuti kuno mtengo wa petulo umaikidwa ndi boma ndipo umasintha Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse. Ife a ku Gauteng timalipira zambiri kuposa a ku Durban chifukwa mafutawo amachita kubwera kuchokera kunyanja. Pa lita iliyonse pali misonkho, kuphatikizapo wa Road Accident Fund, thumba lolipira ovulala pa ngozi za pamsewu. Mu Julayi 2022 petulo wa 95 anafika R26.74, ndipo ambiri tinaimika magalimoto n'kubwerera ku mataksi. Powerengera pano tiyerekeze kuti lita ndi R22, ndipo Polo yanu, poganizira mdipiti wa m'mawa pa msewu wa M1, imamwa malita 7 pa makilomita 100. Ndiye kuti makilomita 100 ndi R154, mwezi wonse R3,080. Mukaona masilipi anu a ku filing'i siteshoni ndikhulupirira simupeza kusiyana kwakukulu.

Galimoto yaing'ono ya magetsi imadya mayunitsi pafupifupi 15 pa makilomita 100 omwewo. Yuniti ndi yomwe ija timagula pa mita yolipiriratu. Magetsi ena amatayika potchaja, choncho tinene kuti 17. Yuniti ikakhala pa R3.50, makilomita 100 akutuluka R60, mwezi wonse pafupifupi R1,200. Mwapulumutsa R1,900 mwezi uliwonse. Imeneyi si ndalama yosewera nayo. Mukaitumiza kumudzi ikhoza kuthandiza pa fizi kapena feteleza.

Komanso pali zina zimene galimoto ya magetsi imapambana nazo, ndipo sindifuna kuzibisa. Ilibe oilo wa injini, mapulagi, fyuluta ya mafuta, kilatchi kapena ekizosi. Polo yanu imafuna sevisi pa makilomita 15,000 alionse, kutanthauza kuti inuyo mumakaonana ndi amakaniko miyezi 7 kapena 8 ikangotha. Tsiku lina ndinakwera ya mnzanga wa kuntchito kuchokera ku Sandton kulowera m'tauni, nthawi yoweruka. Magalimoto anali atathithikana, tikungosuntha pang'onopang'ono. Tikaima, m'galimoto munali zii, moti ndinkamva wogulitsa malalanje akuitanira malonda kunja. Mnzangayo akachotsa phazi, galimoto inkachepetsa yokha liwiro, ndipo pa sikirini pankaoneka kuti magetsi akubwerera m'batire. Ndiye kuti pamene Polo imatentha mafuta itangoima, iyi siidya kanthu kwenikweni, ndipo mabuleki ake amachedwa kutha. Chinanso, Johannesburg ili pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pamene pali nyanja. Mpweya kuno ndi wopepuka, ndiye injini ya petulo yopanda turbo imafookerako. Ya magetsi ilibe nazo ntchito zimenezo. Kunena zoona ndinatsika ndili ndi kaduka.

Tsopano tibwerere ku kanyumba kaja. Masamu onse a R1,200 aja agona pa chinthu chimodzi: kuti usiku galimoto izigona m'kati mwa mpanda, pafupi ndi soketi, pa mita imene inuyo mumailamulira. Mnzanga uja ali ndi nyumba yake, galaja yake, ndipo anaikitsa tchaja ya pakhoma imene imadzaza batire usiku umodzi. Nanga inu? Ambirife amene timachita lendi ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville kapena Cosmo City timadziwa mmene zimakhalira. Mita ndi imodzi, mabanja anayi. Kanyale kofiira kakayamba kuphethira mofulumira, aliyense amayang'ana mnzake, kufuna kudziwa amene wayatsa hita. Ndinakhalapo pamalo pena pamene alandilodi ankabwera kudzagogoda akangomva ketulo ikulira kachiwiri. Ndiye taganizani mukuwauza kuti mukufuna kuwonjezera mayunitsi 340 pamwezi a galimoto yokha.

Ndipo mayunitsi 340 amenewo sagulidwa pa mtengo wotsika. City Power, kampani ya magetsi ya mzinda uno, imagulitsa magetsi olipiriratu m'magawo: mukamagula ambiri m'mwezi umodzi, mtengo wa yuniti umakwera. Galimoto ndiyo idzakukankhirani m'gawo lodula, pamodzi ndi onse ogwiritsa ntchito mita imeneyo. Alandilodi ena amaika timamita tawo n'kuwonjezerapo kangachepe. Magetsi enieniwo akukweranso chaka ndi chaka. Mu 2023 Eskom, kampani ya boma yopanga magetsi, inaloledwa kukweza ndi 18.65 peresenti, ndipo kuyambira Julayi 2024 City Power inaika R200 ya mwezi ndi mwezi, osawerengera VAT, kwa ogula olipiriratu.

Mukalephera kutchaja kunyumba, chotsala ndi matchaja a m'misewu ndi m'mamolo, monga a GridCars ndi Rubicon. Alipo ndithu muno mu Johannesburg ndipo akuchuluka. Koma ya changu imalipiritsa pafupifupi R7 pa yuniti, kuwirikiza kawiri mtengo wa kunyumba. Tikawerengera pamenepo, mwezi wanu ukufika R2,380. Zija mumati mupulumutsa R1,900 zatsika kufika R700. Kuwonjezera apo muzikhala pa molo mphindi 40 kapena ola lathunthu kangapo pa sabata, mutatopa kale ndi ntchito. Walira mvula walira matope, achimwene.

Pali mtengo wogulira. Dziko lino limalipiritsa msonkho wa 25 peresenti pa magalimoto a magetsi olowa kuchokera kunja, pamene a petulo ochokera ku Ulaya amalipira 18. Makampani a ku China monga BYD ndi GWM atsitsako mitengo, n'zoona, komabe ya magetsi yatsopano imadula kuposa ya petulo ya msinkhu womwewo, ndipo zogwiritsidwapo kale ntchito zikadali zochepa pamsika. Tiyerekeze kuti mutagulitsa Polo mukufunika kuwonjezera R150,000 yokha. Mukamatchaja kunyumba mukupulumutsa R22,800 pachaka, ndiye ndalama yanu ibwerera pakatha zaka 6 ndi theka. Mukamatchaja ku molo mukupulumutsa R8,400 pachaka, ndipo mudikira zaka pafupifupi 18. Chitsimikizo cha batire nthawi zambiri chimakhala cha zaka 8. Apa sindinaikepo chiwongoladzanja cha kubanki, kapena inshuwalansi imene imakwera galimoto ikakhala yodula. Ngakhale disiki ya laisensi amawerengera kulemera kwa galimoto, ndipo batire ndi lolemera. Kulemera komweko kumadyanso matayala.

Za kuthimathima kwa magetsi sinditaya nazo nthawi. Chaka cha 2023 chinatizunza tonse, koma galimoto imatchajidwa usiku wonse, ndiye maola awiri kapena anayi a mdima sangakuimitseni. Choopsa kwambiri m'madera athuwa ndi pamene akuba adula mawaya kapena thiransifoma yapsa, dera lonse n'kukhala masiku mumdima. Pamenepo muyenera kudziwa kumene kuli tchaja yapafupi.

Pali funso limene simunafunse koma ndikudziwa kuti lili mumtima mwa aliyense wa kwathu amene ali ndi galimoto ku Joni kuno: Disembala. Kupita ku Durban pa N3 ndi ya magetsi n'kotheka, matchaja alipo m'njira, monga pa Harrismith. Koma ulendo wathu ndi wina. Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza, mpaka Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,700, ndipo inu a ku Mangochi mukadali ndi mtunda. Galimoto imakhala itadzaza mpaka pamwamba, mabulangete, njinga ya mwana, mafuta ophikira, nthawi zina ngolo kumbuyo. Katundu wotero komanso kuthamanga kwa pamsewu waukulu zimatha batire msanga, ndipo mukawoloka Limpopo matchaja a changu ndi osowa. Ine sindingalole m'bale wanga kuima pa Tete, kutentha kuja, ndi ana m'galimoto, akufunafuna soketi.

Ndiye yankho langa kwa inu ndi ili: panopa sungani Polo yanu. Ngati ngongole yake inatha, imeneyo ndiyo galimoto yotchipa kuposa ina iliyonse imene mungagule. Muziona mpweya wa m'matayala sabata iliyonse pamene akukuthirani mafuta, musadumphe sevisi, ndipo pezani anthu awiri a ku Rosettenville komweko opita ku Midrand muzisonkherana ya petulo. Zimenezi zokha zikhoza kukubwezerani ndalama yoposa R700 ija popanda kusainira pepala lililonse kubanki. Polo ikadzatopa, mudzaganizireko za hybrid, galimoto ya injini ya petulo yothandizana ndi batire, monga Corolla Cross imene Toyota imapanga ku Durban. Imathiridwa petulo basi, siifuna soketi, m'tauni imamwa pang'ono, ndipo ku Mangochi ikafika.

Koma ngati muli ndi maganizo osamukira m'nyumba ya mita yanuyanu ndi malo oimika galimoto m'kati, nkhani isintha, chifukwa munthu woyenda makilomita 2,000 pamwezi ndi amene ya magetsi imamupindulira kwambiri. Zikadzatero mundilemberenso. Mudzanditumizire silipi yogulira magetsi yosonyeza mtengo wa yuniti, masilipi a petulo a miyezi itatu, ndi mtengo wa galimoto imene mwaipenya, tidzawerengere limodzi.